Mpaka Ndege Itatera

Banja la Aliness ndi Laston linatha Loweruka lina m'mawa pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene analithetsa anali Aliness mwini wake, ngakhale kuti sicho chimene anaitanira anthu.

Iye anaitana ankhoswe kuti amuopseze mwamunayo basi. Kumudzi kwawo, kunsi kwa phiri la Michesi, nkhani zotere zili ndi njira yake yodziwika. Mkazi amadandaula, ankhoswe amamukalipira mkamwini, mkamwini amazyolika n'kupepesa, kenaka aliyense amabwerera kwawo ndipo banja limayenda bwino mpaka nandolo atakhwima. Anzake onse a Aliness anadutsamo, ena kangapo, ndipo amuna awo akadali pompo.

Mlandu wa Laston unali laputopu. Anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene ankasamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba. Mzunguyo ankakonda gemu youlutsa ndege zankhondo zakale, osati gemu ya ana ayi, koma yoti chilichonse chimene chimapha woyendetsa ndege weniweni chikuphenso iwe. Anamuphunzitsa Laston kuti apeze wocheza naye, ndipo pamene ankasamukira kwa ana ake kutsidya kwa nyanja anamusiyira makinawo pamodzi ndi ndodo yowongolera, imene Laston ankaitcha stiki. Kumunda Laston ankapita, pamenepo palibe angamunamizire. Koma dzuwa likangokwera, sola ya padenga n'kuyamba kudzaza batire, ankaponya khasu n'kulowa m'nyumba. Akamwini ena akuumba njerwa, ena akutsika ndi nkhuni kuphiri, wa Aliness ali pampando, lilime lili panja, kumenyana ndi adani oti amawaona yekha.

Pabwalopo Aliness anayamba bwino. Anakamba za njerwa, anakamba za denga la khitchini lothonya. Kenaka anaona azimayi atabisala kuseri kwa bafa akumvetsera, ndipo pakamwa panamuthawa.

"Ndege akuulutsa tsiku ndi tsiku, koma zaka zonsezi m'nyumba mulibe ngakhale mwana mmodzi. Kapena akudikira kukamutenga kumitambo komweko."

Kuseri kwa bafa kunamveka kuseka. A Makina, amalume ake a Aliness amenenso anali nkhoswe yake, anatsokomola n'kutembenukira kwa Laston.

"Akamwini, mwamva. Mukuti bwanji?"

Apa mpamene Laston ankayenera kupepesa. Anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Ndamva," anatero. "Ndipita kwathu."

Anamufunsanso, nkhoswe ya kwawo kwa Laston inamutengera pambali, koma mawu anali omwewo. Ndiye inabwera nkhani ya katundu. Cornelius, mlongo wake wa Aliness, amene ankailakalaka laputopuyo kuti atsegule kobenera nyimbo pamsika, anakumbutsa anthu kuti mkamwini amachoka ndi bulangete lake lokha. Nkhoswe ya Laston inafuna kutsutsa, koma Laston anaigwira mkono. Anati atenga njinga ndi zovala, zina zonse zitsale.

Aliness anamva ngati nthaka yapendekeka. Kupepesa pamaso pa azimayi a kuseri kwa bafa aja sakanatha. Chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinali china.

"Chinthu choti sindichidziwa mundisiyira kuti ndizikhalira? Andiphunzitse kaye."

"Ndikuphunzitsa ine," anatero Cornelius.

"Iwe khala chete. Ndege zawozo ndi zimene zathetsa banja langa, ndiye ndizidziwe."

Laston anamuyang'ana koyamba m'mawa umenewo. "Mpaka pati?"

"Munthu amati wadziwa ndege akafika pati?"

"Akatha kuiteretsa."

"Ndiye mpaka ndiiteretse."

A Makina anavomera msanga. Anali munthu woti waonapo mabanja akubwererana pa zifukwa zopusa kuposa chimenechi. Laston analonjeza pamaso pa onse, n'kukwera njinga kupita kwawo kwa Chiwalo.

Ankabwera masana, dzuwa lili paliwombo, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene batire inkapirira. Tebulo analiika pakhomo penipeni, chitseko chili chotsegula, kuti pasapezeke wonena zina. Amayi ake a Aliness ankakhala pansi pa mango paja ndi mphika wawo wa kalongonda, nyemba zoti umaziphika tsiku lonse n'kumataya madzi, choncho chifukwa chokhalira pomwepo anali nacho. Kale ankapatuka m'njira akamuona Laston, monga apongozi amachitira. Tsopano ankamupatsa moni maso ndi maso, n'kumufunsa mtengo wa nsomba kwa Chiwalo. Aliness akamva moni umenewo zinkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Nayenso Laston anasintha. Munthu amene ankamuitana kuti "iwe Ali" anayamba kumupatsa ulemu wa mlendo.

"Khalani apa. Dzanja lamanja pa stiki, lamanzere pa kachogwirira aka, ndi kopatsira moto. Mawotchi awa musawaope. Iyi ikuuzani liwiro, iyi ikuuzani kutalika kwanu ndi nthaka. Zinazo tidzaziona."

Pagalasi panaoneka mkati mwa ndege, mothinana ngati m'khola la nkhunda, ndi mphuno yaitali yotchinga njira. Laston anamuonetsa kuyatsa injini. Chopalasa mphepo chakutsogolo, chimene anati ndi pulopela, chinatsokomola, n'kuzungulira mpaka kusaoneka. Aliness anakankha moto wonse nthawi imodzi. Ndege inathamanga pang'ono, inakhotera kumanzere yokha, inalowa m'tchire n'kugadabuzika.

"Ndafa?"

"Mwafa."

"Inakhota yokha. Ine sindinaiuze."

"Imatero. Injini imaikokera kumanzere, inu muziibweza kumanja. Ndipo stikiyo si munsi. Mukuigwira ngati mukusinja."

"Manja anga ndi a ntchito. Si ngati a ena."

Laston anangodina batani, ndege ina yatsopano n'kuima pabwalo.

Masabata oyamba Aliness sanachoke pansi. Anawomba migolo ya mafuta, anawomba ndege ya mnzake itaima, tsiku lina anazungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna mchira wake mpaka phiko linathyoka. Amayi ake ankafunsa ali pansi pa mango kuti lero maliro ndi angati. Tsiku limene ndege inadzuka, Aliness anaona nthaka ikutsalira, mitengo ikuchepa, minda yoyera ndi chisanu ya dziko limene sankalidziwa, lopanda phiri ngakhale limodzi. Ndi mantha anasiya stiki n'kugwira tebulo ndi manja onse awiri, ndipo ndege inagwa chamutu.

"Osasiya," anatero Laston. "Ngakhale muchite mantha bwanji, osasiya."

Aliness anamuyang'ana kuti aone ngati mawuwo anali ndi china mkati. Munalibe. Maso a Laston anali pa mawotchi.

Pang'onopang'ono manja anaphunzira. Anadziwa kuti ukakweza mphuno kwambiri liwiro limatha, ndege imanjenjemera n'kugwa ngati mwala. Anadziwa kukhota osataya kutalika. Laston anamuikira adani, n'kumuuza kuti aziyang'ana kumbuyo nthawi zonse chifukwa wokupha sumuona, ndiponso kuti asaombere pamene mdani ali koma pamene akupita.

"Ngati kugenda nkhuku yothamanga," anatero Aliness.

"Eya. Koma nkhuku iyi imagendanso."

Kutera ndiye kunali kovuta zenizeni. Uchepetse moto koma osati kwambiri, utsitse matayala, ulunjike msewu wa ndege umene mphuno ikukubisira, ndipo pomaliza uigwire m'mwamba pang'ono mpaka ikhale yokha pansi. Aliness ankabwera mothamanga n'kudumpha ngati chule mpaka matayala kuthyoka, kapena ankabwera mozizira n'kugwera m'mitengo asanafike. Ngozi zimenezo zinali zoona.

Koma linafika tsiku lina, chimanga chitalowa kale m'matumba, limene zonse zinakhala m'malo mwake. Liwiro linali bwino, matayala anali pansi, msewu unali kubwera mowongoka, ndipo thupi lake linadziwa kuti ulendo uno atera. Anamva Laston atasiya kupuma pambali pake. Anaona njinga itatsamira khoma panja. Anakankha stiki kutsogolo, ndipo ndege inalowa m'nthaka n'kuyaka.

"Munatsala pang'ono," anatero Laston.

"Dzanja linaterereka."

Kuyambira tsiku limenelo Aliness anakhala katswiri wa ngozi. Sankabwereza imodzi kawiri motsatizana, kuopa kugwidwa. Lero aiwala matayala, ulendo wina achedwa kuchepetsa moto, wina akhotera m'ngalande atagunda kale pansi. Zinkafuna luso kuposa kutera kwenikweniko, chifukwa ankayenera kudziwa njira yabwino kuti aiphonye mokhulupirika. Laston ankapukusa mutu, n'kufotokozanso zomwezo moleza mtima, n'kunena tsiku lobweranso.

Chakudya cha pakhomopo sankadya. Ankabwera ndi chinangwa chake chophika m'jumbo. Thobwa ankalandira, koma ankamwa ataimirira, dzanja lina lili kale pa njinga. Aliness anayesa njira zonse zodutsa m'mbali. Anamusokera shati imene inang'ambika pamkono, iye anathokoza ngati akuthokoza telala. Anamuuza kuti denga la khitchini lija silinali lothonya kwambiri, iye anati ndi bwino. Anavala chitenje chimene Laston anamugulira ku Joni, iye anamuuza kuti ayang'ane wotchi ya mafuta.

Njira ya Laston inkadutsa pamjigo. Aliness anamva ndi makutu ake tsiku lina azimayi akumulonjera kuti "a payiloti, mwatibweretsera mwana wa kumitambo uja?" Laston anapalasa osatembenuka. Aliness anataya ndowa n'kuwatukwana mmodzimmodzi, kutchula amuna awo ndi zimene amachita ku Migowi tsiku la msika, mpaka pamjigo panatsala iye yekha. Koma mawu amene ankamunyoza nawo anali ake omwe, ndipo ankadziwa.

Amayi ake anamuyankhula akutsanula madzi a kalongonda.

"Ndege zimenezi uzipha mpaka liti?"

"Ndi zovuta, amayi."

"Ine maso anga ndi okalamba koma dzanja lako ndimaliona ndili pano. Mwana wa eni ake akutha matayala a njinga. Pakamwa pako mpamene panamuchotsa, ndiye tsegula pomwepo."

"Ndikatsegula n'kukana?"

"Akana. Ine sindikuganiza kuti abwerera. Koma udziwe, usiye kumuzunza."

Aliness anasankha kusadziwa. Malinga ngati ndege inkagwa, Laston ankabwera, ankakhala pafupi moti fungo la thukuta lake linkamveka, ndipo kawiri kapena katatu anaiwala n'kuseka. Zimenezo zinali zochepa, koma zinalipo.

Mwezi wa Okutobala kunatentha moti phiri linkaoneka lotuwa ndi utsi wa moto wolusa. Laston anafika shati itanyowa, anamwa madzi makapu awiri, n'kunena kuti lero amupatsa ntchito yeniyeni: kuperekeza ndege zazikulu zonyamula mabomba, kuziteteza, n'kubwerera kunyumba. Aliness ananyamuka bwino, anapeza ndege zazikuluzo n'kukhala pamwamba pake. Kwa nthawi kunali bata, injini yokha ikulira. Kenaka anayang'ana kumbuyo monga anaphunzitsidwira, ndipo anaona kadontho kakutsika kuchokera kudzuwa.

"Uyo," anatero yekha, n'kukhota.

Mdaniyo anamudutsa ngati kabawi. Aliness anamutsatira, anamutaya, anamupezanso pansi akulunjika ndege zazikulu zija. Anatsika naye. Anadikira, anadikirabe, mpaka mapiko a mdaniyo anadzaza galasi, n'kuombera patsogolo pake. Zidutswa zinauluka, utsi wakuda unatuluka, ndipo ndegeyo inatembenuka chagada n'kupita pansi. Ameneyu anali mdani woyamba amene Aliness anamugwetsa.

"Kumbuyo, Ali, kumbuyo kwako."

Anachedwa. Wachiwiri anali atafika kale. Zipolopolo zinalira pa chitsulo, mafuta akuda anathira galasi lakutsogolo, injini inayamba kutsokomola. Laston anali ataimirira, dzanja lake lili paphewa la Aliness, mwina osadziwa.

"Tsika, lowa mumtambo. Eya. Usakhote kwambiri, phiko lakumanzere labooka. Chepetsa moto, injini ipsa. Bwalo lili kumanja kwa mtsinje, ukuuona mtsinje?"

"Ndikuuona."

"Utsate."

Aliness sanamvenso kutentha, sanaonenso khomo, mango, kapena amayi ake. Kunali ndege yovulala imene inkafuna kugonera kumanzere, ndi iye amene ankaikaniza. Kutsogolo sankaona kanthu chifukwa cha mafuta, ndiye anayang'ana cham'mbali, n'kupeza msewu wa ndege pakati pa mitengo. Wotchi ya liwiro inkatsika. Anapatsa moto pang'ono, injini inadandaula koma inamvera. Anatsitsa matayala. Anailankhula ndegeyo chapansipansi ngati mbuzi yodwala imene ukuikokera kukhola, tiye, tiye mayi, patsala pang'ono. Nthaka inakwera. Anaigwira m'mwamba, anaigwirabe, ndipo matayala anakhudza, anadumpha kamodzi, n'kukhala. Ndege inathamanga, inafuna kukhota, anaibweza, inachepetsa, inaima.

Laston anamenya tebulo mpaka kapu inagwa. Aliness anadzuka akuseka, n'kumugwira malaya pachifuwa.

"Mwaona? Ndi phiko lobooka. Osaona kutsogolo."

"Ine yotero sindinateretsepo," anatero Laston, nayenso akuseka. "Ndimafera mumtsinje muja nthawi zonse."

"Ndiye n'zimenezi zimene munkakhalira muno."

"N'zimenezi."

Anasekanso pang'ono. Kenaka Aliness anaona kuti amayi ake asiya kutakasa mphika ndipo akuwayang'ana, ndipo anakumbuka. Manja ake anasiya malaya aja okha.

"Inangochitika mwangozi," anatero. "Sikudziwa kumeneko. Kamodzi sikawerengedwa."

Laston anatola kapu pansi n'kuiika patebulo.

"Munadziwa kalekale. Kuyambira tsiku lija munati dzanja laterereka."

"Ndiye munkabwereranji?"

"Ndinalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti mpaka itere."

"Basi?"

Laston anayang'ana kumbali, ndipo Aliness anaona kuti sizinali basi. Zimenezo zinamulimbitsa mtima. Ananena mawu amene anawasunga miyezi yonseyi, ndipo anatuluka osakongola, ngati akukalipa.

"Ndinalakwa. Zija ndinanena zija sindinkayenera kunena. Ndinkafuna akukalipireni chabe. Ndipita pamjigo, ndipita kwa amalume, ndikanena pamaso pa aliyense kuti ndinalakwa. Bwererani."

"Ali," anatero Laston. Anakhala pampando, n'kupukuta nkhope ndi manja onse. "Kuchipatala tinapita tonse. Zimene anatiuza zokhudza ine tinagwirizana kuti ndi za awiri. Ngakhale mayi anga sindinawauze."

"Sindinatchule za kuchipatala."

"Sunafunike kutchula. Unadziwa pomwe pali bala, ndipo unaponda pomwepo kuti azimayi aseke. Ndayesa, usaganize kuti sindinayese. Ndikamapalasa kubwera kuno ndimati lero mwina ndikakuona zikhala zitachoka. Ndikafika, ndimamva kuseka kuja."

"Zidzachoka."

"Mwina. Koma sindingagone m'nyumba muno kudikira kuti zichoke."

Anaimirira. Anamuuza kuti batire isamatsike kwambiri, kuti azipukuta fumbi pa sola, kuti stiki ikayamba kulimba asaithire mafuta ophikira. Anapita pansi pa mango n'kutsanzika kwa amayi aja mwaulemu, atagwira chipewa m'manja. Iwo anamuuza kuti ayende bwino, apereke moni kunyumba. Anatenga njinga n'kuyamba kuikankha, chifukwa kanjira ka pakhomopo n'kamiyala.

Aliness anatsala pakhomo. Kumbuyo kwake injini inali kulirabe, yotsokomola, ndege itaima pakati pa msewu utsi ukufuka. M'miyezi yonseyi sanafikepo poti n'kuzimitsa injini, popeza nthaka ndi imene inkamuzimitsira. Anathamanga mpaka pampanda.

"A Laston. Simunamalize. Kuzimitsa simunandiphunzitse."

Laston anali atafika pamene njira imasalala. Anaima. Aliness anaona msana wake, shati yonyowa ija, mkono umene anausoka ndi ulusi wosiyana mtundu. Anadikira kuti atembenuke.

"Dinani E," anatero Laston osacheuka, n'kukwera njinga.

Aliness anaima pampandapo mpaka njinga inabisika kuseri kwa minda ya nandolo youma. Anabwerera m'nyumba, anakhala pampando, n'kufunafuna pa mabatani mpaka anaipeza. Injini inatsokomola kawiri, pulopela inayamba kuoneka, inazungulira mwaulesi n'kuima. M'nyumba munangoti zii.

"Wakana?" anafunsa amayi ake ali panja.

"Wakana."

Anamva madzi akutsanulidwa pansi, kenaka chivundikiro chikubwerera pamphika. Aliness anakhalabe pomwepo, dzanja lili pa stiki.